Schönau: katauni ka ku Germany kamene kanagula mawaya ake a magetsi

Mu 1990 kampani ya magetsi yotchedwa Kraftübertragungswerke Rheinfelden, imene anthu ankangoidula kuti KWR, inafika ku khonsolo ya tauni ya Schönau im Schwarzwald ndi pempho looneka lopanda vuto. Kontirakiti yake yogawa magetsi m'tauniyo inali itatsala ndi zaka zinayi kuti ithe. Kampaniyo inkafuna kuti asainirane ina pompo, ya zaka 20, ndipo inalonjeza kuwonjezera ndalama zimene inkapereka ku khonsolo, zowonjezerazo zikwane DM 100,000 m'ndalama ya nthawiyo, Deutsche Mark. Kwa tauni ya anthu pafupifupi 2,400, imeneyo siinali ndalama yoiyang'anira kumbali. Makhansala ambiri anaona kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma pofika pa 1 July 1997, mawaya onse a m'tauniyo pamodzi ndi mathiransifoma ake anali atachoka m'manja mwa KWR, n'kupita m'manja mwa kampani imene dokotala wa m'deralo, mkazi wake ndi makolo anzawo anayambitsa okha.

Ambiri amakonda kuisimba nkhaniyi ngati nthano ya kalulu amene anagwetsa njovu. Ine ndimaona kuti kuisimba choncho n'kuilakwira. Anthu aja sanatseke msewu, sanaotche ofesi, sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi. Analowera pa makomo amene lamulo linali litasiya kale osatseka, ndipo amene ankatsutsana nawo anadzalowera pa makomo omwewo. Choncho kuti munthu amvetse za magetsizi, ayambe wadziwa mmene tauni yaing'ono ya ku Germany imadziyendetsera.

Schönau ili kum'mwera chakumadzulo kwa Germany, m'chigawo cha Baden-Württemberg, m'boma la Lörrach. Ndi dera la mapiri ndi nkhalango yowirira yotchedwa Schwarzwald, dzina lotanthauza nkhalango yakuda. Mtsinje wa Wiese umachokera ku phiri la Feldberg, n'kudutsa m'tauniyi, n'kukathira mu Rhine ku Basel, mzinda wa ku Switzerland. Chapafupi pali phiri la Belchen, lotalika mamita 1,414. Dzina la malowa limapezeka m'zolembedwa kuyambira mu 1113, ndipo kwa zaka mazana angapo chigwachi chinali pansi pa amonke a ku St. Blasien ndi mafumu a ku Austria, mpaka chinalowa m'dziko la Baden kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Anthu ake ambiri ndi Akatolika, ndipo amalankhula Chijeremani chawochawo, chotchedwa Alemannisch, chimene munthu wa ku Hamburg, mzinda wa kumpoto kwa dzikolo, amachita kutchera khutu kuti achimve. Makolo awo ankakumba siliva, kenako kunabwera mafakitale a nsalu, ndipo mpaka lero m'chigwachi amapanga misuwachi ndi mabulashi. Pa zisankho anthu a kuno ankakonda chipani cha CDU, chimene sichidziwika ndi kusintha zinthu mwaphuma. Kunena zoona, mukanafunsa munthu mu 1985 kuti ndi kuti kumene anthu adzalande magetsi kwa kampani, Schönau sakanaitchula.

Wina angadabwe kuti malo a anthu 2,400 akutchedwa tauni. Ku Germany mawu akuti Stadt, kutanthauza tauni, ndi ulemu wochokera m'mbiri, ndipo pa malo aang'ono chonchi sawonjezera mphamvu iliyonse. Pamaso pa lamulo, tauni yaing'ono ndi mudzi zonse ndi chinthu chimodzi chotchedwa Gemeinde, chomwe ndi gawo lotsikitsitsa la ulamuliro. Pamwamba pake pali boma, pamwamba pa boma pali chigawo, kenako boma lalikulu la ku Berlin.

Meya, makhansala ndi thumba la tauni

Malamulo aakulu a dziko la Germany, a 1949, pa ndime 28, amapatsa Gemeinde iliyonse ufulu woyendetsa yokha nkhani zonse za m'dera lake, bola isatuluke m'malamulo. Dziko lonse lili ndi ma Gemeinde oposa 10,000, ndipo Baden-Württemberg yokha ili nawo 1,101. Chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake la makhonsolo, choncho zimene ndikufotokoza pano ndi za Baden-Württemberg.

Meya, amene iwo amati Bürgermeister, amasankhidwa ndi anthu eniake ndipo amakhala pampando zaka 8. Munthu mmodziyo ndiye wapampando wa khonsolo, ndipo amavota nawo. Ndiyenso bwana wa onse ogwira ntchito ku ofesi ya tauni, komanso ndiye amaimira tauni posaina mapangano. Zipani siziloledwa kuimika munthu pa mpando umenewu. Aliyense wofuna amapereka dzina lake yekha, ngati mmene munthu amafunsirira ntchito, ndipo sachita kukhala wa m'tauni momwemo. Kawirikawiri anthu amakonda mlendo amene anaphunzira za maofesi a boma ku sukulu za ku Kehl kapena Ludwigsburg, chifukwa mlendo alibe mlamu woti amukondere pogawa mapuloti. Akasankhidwa wasankhidwa: m'chigawo chimenechi anthu sangamuchotse ndi voti zaka zake zisanathe.

Makhansala ndi osiyana kwambiri. Amasankhidwa zaka 5 zilizonse ndipo ukhansala si ntchito yolandirapo malipiro. Amangolandira kangachepe kolipira nthawi imene ataya pa misonkhano, yomwe imachitika madzulo anthu ataweruka. Tauni ya anthu pakati pa 2,000 ndi 3,000 lamulo limaipatsa makhansala 12, meya n'kukhala wa nambala 13. Kavotedwe kake ndi kochititsa chidwi. Wovota aliyense amakhala ndi mavoti ochuluka ngati mipando imene ilipo. Akhoza kuunjika mavoti mpaka atatu pa munthu mmodzi, ndipo akhoza kutola mayina m'zipani zosiyanasiyana, kuno awiri, uko atatu. Zotsatira zake n'zakuti anthu amavotera nkhope imene akuidziwa, monga dokotala, wophika buledi, mkulu wa ozimitsa moto kapena mphunzitsi. N'chifukwa chake m'matauni ang'onoang'ono magulu a anthu osakhala m'chipani, otchedwa Freie Wähler, amakhala ndi mipando yambiri. Achinyamata a zaka 16 amavota nawo, ndiponso nzika za mayiko ena a mu European Union zokhala m'tauniyo.

Ntchito za khonsolo yotereyi ndi zimene munthu amakumana nazo tsiku ndi tsiku: madzi akumwa, mipope ya zonyansa, misewu ya m'tauni ndi kuchotsamo chipale chofewa m'nyengo yozizira, sukulu za mkaka, manda, mabwalo a masewero, ndi kusankha malo amene pamangidwe nyumba. Nyumba ya sukulu ndi ya tauni, koma aphunzitsi amalipidwa ndi chigawo. Galimoto yozimitsira moto imagulidwa ndi tauni, koma ozimitsa motowo ndi anthu ongodzipereka amene amasiya ntchito zawo belu likalira. Zinthu zazikulupo, monga zinyalala, zipatala ndi kulembetsa magalimoto, zimayendetsedwa ndi boma la Lörrach. Ndalama zimachokera ku msonkho wa mabizinesi ndi msonkho wa malo, imene khonsolo imadziikira yokha mlingo wake, komanso ku gawo la msonkho wa malipiro a anthu okhala m'tauniyo, ndi thandizo lochokera ku chigawo.

M'zaka za m'ma 1970 chigawochi chinaphatikiza midzi yambiri, ma Gemeinde n'kutsika kuchoka pa oposa 3,000. Midzi yozungulira Schönau inapulumuka mwa njira ina. Inagwirizana zokhala ndi ofesi imodzi yoyendetsa za ndalama ndi zikalata, koma mudzi uliwonse n'kusunga meya wake ndi khonsolo yake. Mgwirizanowu uli ndi mamembala 9: Schönau, Aitern, Böllen, Fröhnd, Schönenberg, Tunau, Utzenfeld, Wembach ndi Wieden. Böllen ili ndi anthu pafupifupi 100 okha, ndipo ndi Gemeinde yaing'ono kuposa zonse m'chigawo chonsecho, koma nayo ili ndi meya wake.

Pali mfundo ziwiri zimene nkhani yonse ya magetsi yatsamirapo. Yoyamba ndi yakuti misewu ya m'tauni ndi ya tauni. Kampani yofuna kukwirira mawaya pansi pa msewu kapena kuwadutsitsa pamwamba pake iyenera kupempha chilolezo ku khonsolo ndi kulipira chaka ndi chaka. Chilolezocho sichingapitirire zaka 20. Zikatha, khonsolo ikhoza kuchipereka kwa wina, ndipo kampani yakale imayenera kugulitsa mawaya ake kwa watsopanoyo. Masiku amenewo mwini mawaya ndiye yekha ankagulitsa magetsi m'dera lonselo, choncho kapepala kameneka kanali ngati kiyi wa nkhokwe.

Yachiwiri ndi riferendamu ya m'tauni, imene amati Bürgerentscheid. Anthu akapanda kukondwa ndi chiganizo cha khonsolo, amasonkhanitsa masiginecha, ndipo akakwana, nkhaniyo imapita kwa ovota onse. Zotsatira zake zimamanga khonsolo ngati kuti yagamula yokha. Baden-Württemberg inali ndi lamulo limeneli kuyambira mu 1956, pamene zigawo zina zinadzalilandira m'zaka za m'ma 1990. Kupambana sikunali kophweka, chifukwa mbali yopambana inkayenera kukhala ndi mavoti osachepera 30 peresenti ya anthu onse oyenera kuvota, kuwerengera ndi amene atsala kunyumba. Lero mlingowo unatsitsidwa kufika pa 20 peresenti.

Mavoti awiri, tauni imodzi

Pa 26 April 1986 malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku Ukraine, anaphulika. Mphepo inanyamula fumbi la poizoni, mvula n'kukaligwetsa kum'mwera kwa Germany. Makolo anayamba kufunsana ngati mkaka ndi ndiwo zamasamba zinali zoti mwana n'kudya, ndiponso ngati ana angasewere pa mchenga. Mayi Ursula Sladek, amene anaphunzira za uphunzitsi, anali ndi ana asanu. Amuna awo, a Michael Sladek, anali dokotala wa m'tauniyo. Iwowa ndi makolo ena anayambitsa gulu lotchedwa Eltern für atomfreie Zukunft, kutanthauza makolo ofuna tsogolo lopanda nyukiliya.

Poyamba zochita zawo zinali zofatsa kwambiri. Ankachititsa mipikisano yoona banja limene lachepetsa kwambiri magetsi pa chaka, ankaphunzitsana kuphika mosawononga, ndipo anathandiza kudzutsa timakina takale topanga magetsi ndi madzi a m'mitsinje. Kenako anapita kwa KWR kukapempha zinthu zingapo: kuti isiye magetsi a nyukiliya, kuti igule pa mtengo wabwino magetsi amene anthu akupanga okha, ndiponso kuti mitengo ikomere wogwiritsa ntchito pang'ono. Kampaniyo inakana. Ntchito yake inali kugulitsa magetsi, ndipo wophunzitsa anthu kugula ochepa sanali bwenzi lake. Ndiye itabwera ndi DM 100,000 zija mu 1990, makolowo anazindikira kuti khonsolo ikasaina, pakamwa pawo patsekedwa kwa zaka 20.

Apa anachita chinthu chimene ine ndimachiona chanzeru kuposa zonse m'nkhaniyi. Sananyoze makhansala kuti ndi adyera. Anavomereza kuti tauni ikufunadi ndalamazo, ndipo anthu mazana angapo anasonkha m'matumba mwawo n'kulonjeza kupatsa khonsolo ndalama zomwezo, kuti isataye kanthu podikira mpaka kontirakiti yakale ithe. Komabe mu July 1991 khonsolo inavotera KWR, mavoti atasiyana pang'ono zedi. Makolowo anasonkhanitsa masiginecha, ndipo pa 27 October 1991 anthu anakavota. Mavoti 55.7 peresenti anakana kontirakiti yatsopanoyo.

Kukana n'kosavuta. Tsopano anayenera kusonyeza kuti iwowo angayendetse magetsi a tauni yonse, mafakitale omwe. Mu January 1994 anakhazikitsa kampani yotchedwa Elektrizitätswerke Schönau, mwachidule EWS, ndi ndalama za anthu oposa 600. Chisankho cha makhansala cha chaka chomwecho chinasintha nkhope zina m'khonsolo, ndipo mu November 1995 khonsolo inapereka chilolezo chija kwa EWS. Pamenepo zinthu zinatembenuka. Amene anagonja mu 1991, makamaka a CDU ndi eni mabizinesi ena, anatola chida chomwe chija n'kuitanitsa riferendamu yawo yofuna kugwetsa chiganizo cha khonsolo.

Ndisawanamizire anthu amenewa. Mantha awo anali ndi mutu. Ankafunsa kuti dokotala ndi mphunzitsi akudziwapo chiyani za thiransifoma, ndipo mawaya akaduka pakati pa usiku m'chipale chofewa adzadzuka ndani. Ankaopa kuti magetsi akayamba kuthimathima, mafakitale asamuka, ntchito n'kutha. M'tauni yaing'ono mkangano wotere sukhala wa m'nyuzipepala. Amene mukutsutsana naye ndi yemwe mumakhala naye benchi imodzi kutchalitchi, ndipo mawa mukagula buledi kwa mkazi wake. Kugawanikaku kunalowa m'makalabu a masewero ndi m'mabanja momwe. Pa 10 March 1996 anthu oposa 80 pa 100 alionse anakavota, ndipo EWS inapambana ndi 52.4 peresenti. M'tauni ya kukula kumeneku, kusiyana koteroko ndi anthu makumi ochepa chabe. Mabanja angapo akanasintha maganizo m'mawa wa tsikulo, bwenzi nkhaniyi palibe akuidziwa.

Walira mvula walira matope. Atapambana, anayenera kugula mawaya aja, ndipo KWR inatchula mtengo wa DM 8.7 miliyoni, pamene katswiri amene EWS inamulemba anawerengera ndalama zosakwana DM 4 miliyoni. Kukasuma nthawi yomweyo kukanadya zaka zambiri, mawaya ali m'manja mwa KWR. Ndiye anasankha kulipira kaye modandaula, mlandu pambuyo. Banki ya GLS ya ku Bochum inatsegula thumba loti anthu aikemo ndalama, ndipo akatswiri otsatsa malonda anawakonzera kampeni mwaulere. Mawu ake anali akuti „Ich bin ein Störfall“. Störfall ndi liwu limene amatchulira ngozi kapena chisokonezo pa malo a nyukiliya, choncho munthu wamba, kaya gogo kaya mwana, ankaoneka pa chithunzi akunena kuti chisokonezocho ndi iyeyo. Zopereka zinabwera kuchokera m'dziko lonse. KWR itaona manyazi akukula inatsitsa mtengo, ndipo EWS inalipira ndalama zosakwana DM 6 miliyoni. Mlandu unatha mu 2005, khoti litapeza kuti mawayawo anali a DM 3.5 miliyoni basi, ndipo zotsalazo zinabwezedwa pamodzi ndi chiwongoladzanja.

Mwayi nawo unathandiza. Mu 1998 Germany inatsegula msika wa magetsi, kuti banja lililonse lizisankha lokha kampani yogulako, ngakhale mawaya ofika panyumba ali a kampani ina. EWS, imene inakonzedwa kuti izitumikira katauni kamodzi, inayamba kugulitsa m'dziko lonse, ndipo anthu amene anaidziwa pa kampeni ija anakhala makasitomala ake oyamba. Mu 2009 inasanduka kopaletivi, mmene membala aliyense ali ndi voti imodzi kaya waikamo zingati. Lero makasitomala ake ndi oposa 200,000, ndipo ili m'gulu la olemba anthu ntchito ambiri m'tauniyo. Khonsolo imene inkaopa kutaya DM 100,000 tsopano imalandira msonkho wa bizinesi kuchokera kwa ana omwe aja inkawakayikira.

Pano pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Kasitomala wa ku Hamburg salandira magetsi ochokera ku Schönau. Magetsi onse amasakanikirana m'mawaya a dziko lonse, ngati madzi a mitsinje yambiri m'nyanja imodzi. Chimene kasitomala amasankha ndi kumene ndalama yake ikupita. EWS imagula magetsi a madzi, mphepo ndi dzuwa kwa opanga amene alibe ubale ndi makampani a nyukiliya kapena malasha, ndipo pa bilu pamakhala kandalama kowonjezera kothandizira anthu kuika masola ndi makina ena ang'onoang'ono.

Kodi aliyense angatengere chitsanzo chimenechi? Ena anayesa. Mu September 2013 anthu a ku Hamburg anavota kuti mzinda wawo ugulenso mawaya ndi mapaipi ake, ndipo anapambana ndi 50.9 peresenti. Ku Berlin, mu November chaka chomwecho, ovomereza anali ambiri koma sanakwane mlingo umene lamulo limafuna, ndiye zinagwa. Makhoti nawonso anakhwimitsa zinthu: masiku ano khonsolo iyenera kulengeza poyera kuti chilolezo chikutha, n'kupikisanitsa makampani mosakondera, ndipo singangopatsa ana a m'mudzi chifukwa choti ndi a m'mudzi. Tisaiwalenso kuti anthu a ku Schönau anali ndi ndalama zapadera zoti n'kuika pachiswe. Ndipo funso lenileni la nyukiliya silinathe. Germany inatseka malo ake atatu omaliza pa 15 April 2023 ikuotchabe malasha, mitengo ya magetsi ili pakati pa yokwera kwambiri ku Ulaya, ndipo Ajeremani akukanganabe ngati anachita bwino.

Mayina amene tauniyi imadziwika nawo

Mayi Sladek analandira mphoto ya Goldman ya zachilengedwe mu 2011, patangopita milungu yochepa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima, ku Japan, itachitika, ndipo pa ulendo umenewo anakumana ndi Barack Obama. Mu 2013 analandiranso mphoto yaikulu ya zachilengedwe ya ku Germany. Amuna awo, amene anakhalapo khansala pa zaka za mkanganowo, anamwalira mu 2024. Utsogoleri wa kopaletivi unapita kwa anthu a m'badwo wina, ndipo ena mwa iwo ndi ana a banja lomweli.

Koma dzina la Schönau linamveka m'dziko lonse kale kwambiri, pa chifukwa chimene anthu a kumeneko sakonda kuchikamba. Albert Leo Schlageter anabadwira m'tauniyi mu 1894, m'banja la alimi Achikatolika. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo itatha analowa m'magulu a asilikali osavomerezeka otchedwa Freikorps, amene ankadana ndi boma latsopano la demokalase. Mu 1923 France ndi Belgium zinalanda dera la mafakitale la Ruhr chifukwa Germany inkalephera kulipira chipukutamisozi cha nkhondo. Schlageter anatsogolera kagulu kophulitsa njanji kuti malasha asapite ku France. Anagwidwa, khoti la asilikali a France linamuweruza kuti aphedwe, ndipo anamuwombera pa 26 May 1923 pafupi ndi Düsseldorf. Mtembo wake anaubweretsa kwawo ku Schönau.

Chipani cha Nazi chinamutola wakufayo n'kumusandutsa ngati woyera mtima wawo. Misewu, masukulu, magulu a asilikali ndi sitima zinapatsidwa dzina lake. Mu May 1933 Martin Heidegger, katswiri wa filosofi amene anali mkulu wa yunivesite ya Freiburg, anamutamanda pamaso pa ophunzira. Ku Schönau kunkabwera makamu a anthu kudzaona manda ake, ndipo pa phiri loyang'ana tauniyo anayamba kumanga chikumbutso chachikulu chimene sichinathe. Nkhondo yachiwiri itatha, dzina lake linafufutidwa m'misewu ya m'dziko lonse. Koma manda safufutika ndi penti. Manda ake akadali pomwepo, zotsalira za chikumbutso chija zikadali paphiri, ndipo nthawi zina magulu a anthu a maganizo a Chinazi amafika kudzaika nkhata, zimene eni tauni zimawanyansa. Tauni ikhoza kusankha kampani ya magetsi, koma mwana wobadwira m'nyumba zake siimusankha.

Chimene khonsolo imasankha ndi woti imupatse ulemu. Ulemu waukulu kuposa wonse umene Gemeinde ingapereke ndi kumutcha munthu nzika yolemekezeka, ndipo amagamula ndi makhansala omwe aja. Ku Schönau ulemu umenewu unapita kwa Joachim Löw, amene okonda mpira amangomuti Jogi. Anabadwira m'tauniyi pa 3 February 1960, woyamba mwa anyamata anayi, bambo ake ali mmisiri womanga mbaula zotenthetsera nyumba. Ali mwana ankatumikira pa guwa kutchalitchi, ndipo mpira anayambira m'matimu a komweko, TuS Schönau ndi FC Schönau 08. Ngati wosewera sanafike patali kwenikweni m'ligi yaikulu, koma ku SC Freiburg anamwetsa zigoli zambiri moti mbiri yake inakhala zaka makumi atatu, mpaka Nils Petersen anaiphwanya mu 2020. Ngati kochi anatenga chikho cha Germany ndi VfB Stuttgart mu 1997, n'kukhala wothandizira Jürgen Klinsmann ku timu ya dziko mu 2004, kenako kochi wamkulu kuyambira 2006 mpaka 2021.

Chaka chake chinali 2014. Pa mpikisano wa World Cup, Germany inaswa Brazil 7-1 ku Belo Horizonte, pakwawo penipeni, kenako pa 13 July inatenga chikhocho itagonjetsa Argentina 1-0 pa bwalo la Maracanã ndi chigoli cha Mario Götze. Zaka zonsezo Löw sanasiye kalankhulidwe ka kwawo. Mawu akuti höchste, kutanthauza chapamwamba kwambiri, iye amawatchula kuti „högschde“, ndipo Ajeremani a kumpoto ankamuseka nawo mpaka anasanduka nthabwala ya dziko lonse. Zinthu zitavuta mu 2018, pamene Germany inatuluka m'ndime yoyamba ya World Cup ya ku Russia, nthabwala zomwezo zinayamba kuluma.

Mu October 2014 anabwera kwawo kudzalandira ulemu uja, ndipo bwalo la tauni, lomwe linkatchedwa Buchenbrandstadion, linasinthidwa dzina n'kukhala Jogi-Löw-Stadion. Musaganize za bwalo la mipando masauzande. Ndi bwalo la m'mudzi, la pakati pa mapiri, ndipo pamasewerabe FC Schönau 08 m'maligi a m'madera, ndi matimu a midzi ya m'chigwa chomwecho.